Unkhoswe umene ndinauwonongera ku Indianapolis

Makolo athu anatisiya kale, choncho nkhoswe ya mng'ono wanga ndine, ngakhale iye ali kumpoto kwa Ireland ine ndikukankha mabedi a odwala ku South Bend. Anakwatira mwana wa mlimi wa ng'ombe za mkaka, m'mudzi woyandikana ndi malire. Kumpotoko kumalamulidwa ndi Britain, kumwera ndi dziko lina.

Britain itatuluka mumgwirizano wa zamalonda wa ku Ulaya, m'nyumba mwa mng'ono wanga munalowa mphepo. Ena ankati pamalire pabwerera zipata ndi asilikali. Ena ankati ayi, anthu avota kuti chilumba chonse chikhale dziko limodzi. Mlamu wanga ankagwira ntchito kumwera, ndipo anati asamuke ndi mwana njira isanatsekedwe. Koma mapepala a mng'ono wangayo ndi a kumpoto kokha. Mlamu akasamuka, mwana wapita. Amene ankawagwira dzanja kuti asachoke anali apongozi aamuna okha, chifukwa ankamukonda mkamwini wawoyo.

Ndiye ndinamva kuti apongoziwo akubwera ku Indianapolis kuchionetsero cha makina aulimi. Ndinati Mulungu wayankha! Ndinapempha ofu, ndinavala suti ya kutchalitchi, ndinadiraiva maola atatu. Nditafika, pa Lafayette Road ndinagula nkhuku yolimba ngati ya kumudzi, mayi wina wa kumpingo kwathu wokhala komweko n'kundiphikira, poti kwa apongozi sapita chimanjamanja.

Tinakumana masana pamalo odyera pafupi ndi holo ya misonkhano. Anali bambo wamtali, wa manja ong'aluka ngati a malume anga. Nkhuku anailandira ndi chisekeseke, anadya mwendo ndi manja. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako ndinafunsa funso limene Mmalawi aliyense amafunsa mlendo akangomaliza moni: “Kodi bambo, mumapemphera mpingo wanji?”

Anasiya kutafuna. Ine osazindikira. Kwathu funsoli ndi ulemu, umafuna kudziwa ngati mungayimbe nyimbo imodzi. Kwawo, ukatchula mpingo watchula mbendera yako ndi maliro ako, poti mpingo wina ndi wa ofuna Britain, wina wa ofuna chilumba chimodzi. Ndani anandiuza? Palibe. Komanso ine sindinafunse, mwini nzeru.

Pakamwa panga sipanathere pomwepo, ayi ndithu. Ndinayamba kuwaphunzitsa za malire, ine mwana wa ku Mchinji. Ndinati kwathu munda wa bambo unkathera ku Zambia, chigayo tinkapita tsidya lina, maliro tinkalira limodzi. Ndinati malire ndi bodza la atsamunda. “Chilumba chimodzi, anthu amodzi, bwanji osangolumikiza zithe? Ifetu kubanja kwathu timaona choncho.”

Kubanja kwathu! Mng'ono wanga sanayankhulepo zimenezo chibadwire. Zaka zonsezo anakhala monga mkamwini amakhalira, kukama ng'ombe, pakamwa chotseka.

Apongozi anapukuta manja chala chimodzichimodzi. Anati mkulu wawo anaphedwa pamsewu wa pamalirewo, kale pa zaka za ziwawa zolimbirana kumpotoko, chifukwa chofuna kukhalabe pansi pa Britain. Anati mkamwini wakuda anamulandira mosavuta kuposa mmene akanalandirira mnyamata wa komweko wa mpingo winawo, chifukwa mlendo alibe mbali. “Lero mwandiuza mbali yake,” anatero. Analipira chakudya chawo n'kunyamuka. Nkhuku yotsala ndinabwerera nayo ku South Bend pampando wakumbuyo.

Sanam'thamangitse mng'ono wanga. Anangosiya kumuikira kumbuyo. Mlamu atanenanso zosamuka, bambo ake anati chita zimene waganiza. Anapita ndi mwana.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti zipata zija sizinabwere n'komwe. Voti ija akungoikambabe, mwina idzachitika ine nditafa. Akuluakulu anasainirana zawo, malole a mkaka akudutsa osaima. Koma munthu wakuda akakwera basi yopita kumwera amatha kufunsidwa mapepala, ndipo mng'ono wanga akuopa kuti akam'gwira kamodzi ataya ndi kumpoto komwe.

Loweruka lililonse amaimika galimoto pomwe mzere wa m'mphepete mwa msewu umasintha kuchoka woyera kukhala wachikasu. Malire ake ndi amenewo, penti basi. Amadikira mlamu abweretse mwana, nthawi zina osabwera.

Ananditumizira chithunzi cha pentiyo, pansi pake n'kulemba kuti, “Achimwene, bodza la atsamunda lija ndi ili.” Chaka chino Amalawi anzathu a ku Indianapolis anandipempha unkhoswe wa mwana wawo, ndinakana.