Majumbo a pa Sola ya Zuleka

Ku Lifuwu palibe amene anamuonapo Ayub atamaliza kapu ya tiyi ali chikhalire. Amamwa ataimirira, diso kumsewu, ngati pansi pali linthumbu. Anayamba ndi usodzi, n'kuusiya ati nyanja ilibe tsogolo. Kenako anapalasa kabaza ku Salima, n'kukanyamula katundu ku Chipoka, ndipo konseko ankachoka ntchito itangoyamba kumuzolowera. Za sola anaziphunzira kwa mmisiri wina wa ku Lilongwe, ndipo pokhapa anthu anati mwina mnyamata wakhazikika.

Mkazi wake, Zuleka, ali ndi dimba la mpunga kunja kwa sikimu yothirira. Ayub anamuikira mapanelo pa nsanja yachitsulo, pampu m'chitsime, ndi kabokosi ka inveta pamthunzi. Kabokosi kameneka ankakanyadira koposa. Aliyense wodutsa ankamufotokozera, ngakhale wosafunsa, kuti mkati mwake muli kanzeru kofunafuna pamene mapanelo akupereka mphamvu yochuluka. Kamasuntha pang'ono n'kuona. Mphamvu ikakwera kamapitiriza, ikatsika kamabwerera, mpaka kapeze pabwino.

"Ndiye n'chimodzimodzi inuyo," Zuleka ankatero. "Koma iko kakapeza pabwino kamakhala."

Vuto linayamba mpunga utatulutsa ngala. Pampu inayamba kutsamwa. Ilavule madzi, isiye, ibuule, isiyenso. Nthaka ya m'dimba inayamba kuchita ming'alu, pomwe mpunga wa msinkhu umenewo ukasowa madzi umabala mankhusu okhaokha. Banja lonse linkadalira dimba lomwelo.

Ayub ankabwera pa njinga yamoto dzuwa lili paliwombo, osazimitsa n'komwe injini. Nthawi imeneyo pampu inkakhala ikuyenda bwinobwino ngati ikumunyoza. Anasintha mawaya. Tsiku lina anapukuta mapanelo, tsiku lina anamasula kabokosi n'kukabwezeramo, kenako ulendo. Madzulo mkazi wake akadandaula, iye ankati vuto ndi zipangizo za masiku ano.

Koma mumtima manyazi ankamudya. Mmisiri wa sola kulephera pampu ya mkazi wake! Anthu pamsika anayamba kumufunsa moseka ngati dzuwa la ku Lifuwu latha mphamvu. Ndiye Mustapha, mnzake wa ku Joni, anaimba foni kuti kwapezeka malo pa kampani ina, abwere msanga. Mapazi a Ayub anayamba kuyabwa, chikwama n'kutsika pa msomali.

Zuleka sanalire. Anangokhala pakhomo mwana wawo Layla ali kumsana.

"Bambo a Layla, sindikukanizani. Koma mukapita mpunga uwu uli chonchi, wallahi simudzandipeza pano. Ndatopa kukwatiwa ndi fumbi la njinga. Ndikupempha chimodzi. Mawa mukachoka kumzikiti ku swala ya m'mawa, mukakhale kudimba mpaka dzuwa likwere. Kukhala pansi, osati kuzungulira."

M'mawa mwake Ayub anapita, mokwiya. Anakhala pa mtumbira moyang'anana ndi mapanelo, mwendo ukunjenjemera wokha. Anatulutsa foni, n'kuibweza. Anaimirira kuti akaone chitsime, mkazi wake anangomuyang'ana, iye n'kukhalanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma Ayub kudekha kunkamupweteka ngati chithupsa.

Dzuwa litayamba kutentha, pampu inadzuka, ndipo mpheta nazo zinafika, khamu lonse. Zuleka anachita zimene mlimi wa mpunga aliyense amachita. Anatola zingwe zomwe zinali pansi, zomangiriridwa majumbo ndi nsanza, n'kuzikoleka pamwamba pa nsanja ya mapanelo, poti m'dimba monsemo munalibe china chachitali kuposa pamenepo. Kenako anayamba kukoka, uku akukuwa. Majumbo anavina pamwamba pa magalasi, mwera ukuwathandiza, zithunzithunzi zawo zikuthamangathamanga pa mapanelo.

Pampu inatsamwa pomwepo.

Ayub anathamangira ku kabokosi. Manambala ankakwera ndi kutsika ngati openga. Kanzeru kaja kakasuntha, jumbo laphimba, iko n'kuganiza kuti kalakwa njira, kubwerera. Jumbo likachoka, kayambirenso. Kankafunafuna osapeza, chifukwa pabwino pake pankasamuka kasanafike. Masana mbalame zikabisala kutentha, Zuleka ankatsitsa zingwe n'kupita kukaphika, ndiye nthawi yomwe mwamuna wake ankafika ndi njinga yake.

Ayub anaseka, koma misozi ili m'maso. Anakwera pa nsanja n'kumasula zingwe zonse. Pampu inabuula kamodzi, kenako madzi anayamba kutuluka mosadukiza, akulowa m'ming'alu muja.

"Nanga mbalamezi?" anafunsa Zuleka. Mpheta zinali zitatera kale pa ngala.

Nsungwi zazitali zoimika kutali ndi mapanelo zinali zoti akadule kumtunda, ndipo ngakhale zitabwera, dimba linkafunabe munthu wokoka zingwe m'mawa ndi madzulo mpaka mpunga uche. Zuleka yekha, ndi mwana kumsana, sakanatha mbali zonse.

Foni inalira m'thumba. Anali Mustapha. Ayub anaiyang'ana, anayang'ana kumsewu, mwendo uja ukunjenjemerabe. Kenako anaiika chafufumimba pa mtumbira, n'kutola chibuluma cha dothi kugenda mpheta.

"Mayi a Layla, pitani mukawiritse tiyi," anatero. "Mundipeza pompano."