Kudikira Achimwene

Mzungu woyeza nzeru anafika pa sukulu yathu ya mishoni chimanga chikumasula, akukankha njinga, pakuti zitunda za ku Ntchisi sizikwereka. Aphunzitsi anatiuza kuti kusukulu yophunzitsa uphunzitsi kwatsala malo amodzi, ndipo mlendoyo ndiye asankhe wopita. Oyesedwa tinali awiri, ine ndi achimwene anga, ondiposa zaka zitatu. Malowo ndinkawafuna kwambiri.

Ndinkaganiza kuti atifunsa za m'Baibulo kapena masamu. Iye anakhuthula timatabwa topaka utoto pa tebulo, natisonyeza chithunzi kuti tiyale chimodzimodzi, wotchi ili m'manja. Nzeru za munthu zikhala bwanji m'timatabwa? Sindinafunse.

Zinali zosavuta. Ndinayala tonse kutsala kamodzi, n'kukafumbata. Kwathu mwana sasamba m'manja mkulu asanasambe, nanga ndikanamaliza bwanji achimwene akali kutuluka thukuta, pamaso pa mlendo? Ndinadikira. Iwo ataika kawo komaliza, ine ndinaika kanga. Mzunguyo analemba.

M'mawa mwake achimwene anatumidwa kukasaka mbuzi yosochera, ndiye ndinayesedwa ndekha. Ndinamaliza mzunguyo asanakhazikike pa mpando. Anayang'ana wotchi, naigwedeza, naiika pa khutu. Aphunzitsi anamasulira kuti mlendo wadabwa, mwana mmodzi sangakhale ndi mitu iwiri, choncho tibwereze kuti zioneke zoona zake.

Tinabwereza kawiri, ndipo kawiri konseko anatikhazika pa benchi imodzi. Kawiri konseko ndinafumbata kathabwa kanga. Musandifunse chifukwa chake, dzanja linkangokana. Mzunguyo anasangalala ndithu. Anati muyeso wake sunama, pakuti katatu wanena zofanana, ndipo za tsiku lija ndinali ndekha zinali mwayi chabe. Malo aja anapatsa achimwene. Ndinayang'ana aphunzitsi, amene ankadziwa bwino mwambo wathu, koma iwo anali kupukuta choko m'manja.

Ndinapsa mtima, koma womupsera mtima sindinamupeze. Wotchi sinaname, ndinachedwadi. Nanga chimene inayeza chinali chiyani, nzeru kapena ulemu? Ngati unali ulemu, bwanji wopambana anagwa? Ndakalamba ndikulima fodya, funsoli silinandichoke.

Tsiku lonyamuka ndinawasenzera mtolo achimwene mpaka pa mtsinje. Tikusiyana anandigwira pa phewa.

"Iwe, unkachedweranji kuika kotsiriza kaja?"

"Kanali kovuta, achimwene."



"Ine ndinkangoonera kwa iwe," anatero. "Ukaima, ndinkangoika kotsalako pomwe pali mpata."

Anasenza mtolo nawoloka. Ine ndinabwerera kukapalira.