Chaka Chimene Tinanyika Alovera

Fungo la chinangwa chonyika silichoka m'mphuno za munthu wobadwira ku Mbungo. Ndakhala ku Blantyre zaka zambiri, sopo ndasintha wamitundumitundu, koma mpaka lero ndikamina, mpango umanunkha kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Izi ndikulumbira. Fungo limeneli limandibwezera ku nyengo ya mwera ya chaka chimene agogo anga aamuna obereka amayi, a Banaba, anafa mbali imodzi ya thupi.

Ndinali kamtsikana ka Sitandade 4. Anthu anabwera nawo agogo pa bwato kuchokera ku chipatala cha ku Chipyela, dzanja lamanzere likulendewera ngati chingwe chonyowa, mwendo ukukana kumva. Munthu amene ankapalasa bwato mpaka tsidya la nyanja ku Kobwe n'kubwerako asanamve njala, tsopano ankafuna anthu awiri kuti atembenuke pamphasa. Anagona kuchipinda, nkhope kukhoma, ndipo analeka kuyankhula. Ukonde wawo unangokhala pamsomali. Akangaude anaupeza woluka kale, n'kungosamukiramo.

Amene anasenza zonse ndi amayi, chifukwa bambo anali ku Nkhata Bay kusaka ntchito imene inkawathawa akamaiyandikira. Amayi ankawasambitsa agogo, kuwadyetsa, kuchapa zofunda, kenako kukazula chinangwa, kusenda, kunyika, kuyanika pathandala, mwera n'kubwera kudzathiramo mchenga. Mwera wa chaka chimenecho unali woti nkhuku ikaikira dzira pathu, linkakagwera pakhomo pa eni ake ena. Mabwato anali pamtunda, usipa kunalibe, fumbi linkalowa mpaka m'mano. Tsiku lina ndinawapeza amayi akugona chiimire, musi uli m'manja, ndipo musiwo unkasinja wokha chifukwa chozolowera. Amene akukaika akafunse mtondo.

Panali namwino wina wa ku Rumphi, mayi wamfupi amene ankayenda wapansi kuyendera odwala m'midzi. Tsiku lina anafika atanyamula chitini chakale cha mkaka. M'menemo munali chomera cha masamba onenepa, a timinga m'mbali, ngati chinanazi chimene chinalephera sukulu. Anati dzina lake ndi alovera, n'kuchiika pawindo la kuchipinda.

"Ichi sichivuta, agogo," anatero. "Madzi pang'ono kamodzi pa sabata, muzithira nokha ndi dzanja labwinoli. Mukachiiwala m'pamene chimakondwa. Bola muziona chobiriwira, osati khoma lokhalokha."

Agogo anatembenuza mutu, ndipo tinamva mawu awo koyamba chibwerereni. "Chimadyedwa?"

"Ayi, n'chowawa."

"Chimabala zipatso?"

"Ayi, chimangokhala."

"Ndiye ndi mnzanga," anatero agogo. "Tsiku chidzafe chimenechi, mudzandiyeze bokosi."

Namwino anaseka. Amayi sanaseke. Anali pakhomo ndi beseni la zochapa, ndipo ndinaona mawuwo akuwalowa ngati munga wa nsomba pakhosi. Anakauza mnzawo mmodzi yekha kochapa kunyanja. Pa chilumba chathu, chimene wauza munthu mmodzi kochapa chimafika ku Khuyu zovala zisanaume. Posakhalitsa aliyense anadziwa kuti moyo wa a Banaba uli m'chitini cha mkaka.

Kwathu munthu sapita kukazonda wodwala chimanjamanja. Koma nyengo ya mwera ukanyamula chiyani, nsomba kulibe? Chimene tinali nacho chambiri ndi madzi, nyanja yonse. Choncho aliyense wobwera kudzazonda ankapereka moni, kufunsa mmene agogo agonera, kenako n'kupempha kapu kuti nayenso athireko pang'ono. Mawu a namwino oti kamodzi pa sabata onse anawamva, ndipo aliyense ankathira kamodzi kake. Mayi Esitere, amene ankatsogolera amayi a kutchalitchi kwathu, ankabwera ndi madzi otsukira nsomba, ati chomeracho chinenepe. Ena ankathira masamba a tiyi. Bambo wina wamalonda wa ku Kobwe anabweretsa madzi a tsidya lija m'botolo, ati a kwawo ndi amphamvu, ngakhale nyanja yake ndi yomweyo.

Madzi onsewo wotunga ndinali ine. Ndowa inkatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ndinkatsikanso kunyanja, mafunde akundimenya m'miyendo. Khosi langa linalowa m'mapewa chaka chimenecho, ndipo silinatulukenso lonse. Ndikanakhala munthu wamtali. M'chitini muja munakhala dziwe. Udzudzu unatsegulamo sukulu, ndipo chule wina anasamukiramo ndi banja lake. Anali wobiriwira kuposa chomeracho.

Masamba anayamba chikasu, kenako kufewa. Tsamba likagwa, agogo ankasiya theka la phala. Lina likagwa, ankabweza mbale yonse. Sankadandaula, ankangoyang'ana chitini ngati munthu wodikira sitima imene akudziwa kuti ifika ndithu. Amayi akaona chikasu chija ankachita mantha n'kuthira madzi ena, poti munthu wa pa chilumba amakhulupirira kuti chilichonse chodwala chikufuna madzi kapena phala. Namwino amene akanatiletsa anali atapita kumtunda, ndipo mwera unamutsekereza komweko. Amayi anaonda mpaka chitenje chinkawazungulira kawiri. Sankaliranso, misozi nayo imafuna mphamvu.

Mmawa wina amayi a kutchalitchi anabwera gulu, anaimba, anapemphera, kenako mayi Esitere anatenga kapu. Zitseko zinali zotseka chifukwa cha mphepo, ndipo m'chipindamo munali fungo. Agogo anakweza mphuno.

"Ndani wanyika chinangwa m'chipinda mwanga?"

Agogo ananunkhizanso, maso awo n'kukagwera pachitini. Munthu amene wadya kondowole moyo wake wonse amadziwa fungo la muzu umene wakhalitsa m'madzi. Nkhope yawo, mbali imene inkamvabe, inachita makwinya onse nthawi imodzi. Pafupi ndi mphasa panali nkhafi yawo yakale yopalasira bwato imene amayi ankapingira chitseko. Anaigwira ndi dzanja labwino lija.

"Iwe Esitere, thira dontho limodzi uone."

"Koma achimwene, si tikukusamalani?"

"N'zomwezo. Mwandisamala mpaka ndavunda. Mukundinyikira mnzanga ngati chinangwa!"

Amayi anafuna kuwagwira kuti agone. "Ndisiye, mwanawe," anatero, ndipo amayi anawasiya, mwina chifukwa chomvera, mwina chifukwa chotopa. Agogo anadzikoka chokhala kuchokera pamphasa kukafika pawindo. Pamalo poti mwana amalumpha kamodzi, iwo anatenga nthawi yoti munthu akhoza kufika ku Chipyela, kugula mchere, n'kukangana ndi wogulitsa. Thukuta linali kamukamu. Anagwetsa chitini ndi nkhafi, madzi akuda n'kuyenderera pansi, chule n'kutuluka osatsanzika. Anapanikiza chomeracho ndi bondo, n'kudula zovunda zonse ndi mpeni wawo wotumbulira nsomba. Chinatsala ndi kamtima kokha ka masamba atatu.

Anakasiya pawindo popanda dothi, popanda madzi, kuti bala liume. Mudzi wonse unati a Banaba apenga, akudzipha okha masana. Bala litauma anandiuza kuti ndizule msomali umene unakoleka ukonde, tiboolere chitini kunsi. Ukonde unagwa ndi akangaude ake. Tinathira mchenga wouma wosakaniza ndi dothi la pansi pa mlambe, n'kudzalamo kamtima kaja.

Kuyambira pamenepo agogo anakhala mlonda. Ankakhala tsonga atatsamira khoma, nkhafi pamiyendo, ndipo mlendo aliyense ankayamba waonetsa manja asanalowe. Kulondera kumafuna kukhala tsonga, ndipo kukhala tsonga kumabweretsa njala. Anayamba kumaliza phala. Kenako anati pawindo dzuwa ndi lochepa, n'kumadzikoka ndi chitini chawo mpaka pakhomo. Lamulungu lililonse ankathira okha madzi okwana pa chivindikiro cha botolo, theka n'kutayikira pamwendo, ndipo palibe ankaloledwa kuthandiza. Masana a tsiku limene anafika pakhomo, amayi anagona pansi pa mlambe mpaka mbuzi inawadyera ngodya ya chitenje. Sanadzuke. Ine ndinaiona mbuziyo, ndipo nanenso ndinalibe mphamvu zoithamangitsa.

Sindinena kuti anachira. Kunyanja sanafikekonso, dzanja lija silinadzukenso, ndipo amayi anapitiriza kuchapa zofunda zaka zingapo. Koma mwera utaleka, pakati pa masamba atatu aja panatuluka lachinayi. Bokosi anadzawayeza ndithu patsogolo pake, koma pamenepo n'kuti alovera atabala ana amene anadzaza zitini za mudzi wonse.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti moyo wa agogo unalidi m'chitini, moti ndinkaopa kuyetsemula pafupi nacho. Ndinkaganiza kuti nkhafi ija inkateteza chomera. Lero amayi ndi okalamba, amakhala kwanga, ndipo pawindo lawo pali mdzukulu wa alovera yemwe uja. Ndikaweruka ku ntchito, miyendo ili ngati ya eni ake, ndimangozindikira ndili m'chipinda mwawo, ndawakonzera pilo amene anali bwino kale, kapu ya madzi ili m'manja, ndikulunjika pawindo. Amayi nkhafi alibe. Amangondiyang'ana ndi diso la a Banaba, ine n'kumwa ndekha madziwo.