Kumadziko!

Kwathu m'mbali mwa Likangala, mwamuna safika padooko la amayi ngati mbuzi yaludzu. Akangomva madzi akukhavuka amaima patali, kuseri kwa bango, n'kufulatira, n'kufuula kuti, “Kumadziko!” Ngati mulimo mumayankha kuti, “Muli anthu!” Basi, aima pomwepo, kaya wasenza mtolo wa nzimbe, mpaka mutavala n'kumuuza kuti adutse. Ndinakula ndikumva mawu amenewa tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti munthu angadzawasowe.

Ku Bulawayo ndinabwera ndi mwana kumsana, kutsatira amuna anga amene ankagwira ntchito ya njanji. Dziko louma, inu! Ati mtsinje, ukapitako upeza mchenga wokhawokha. Kukomboni mpopi unali umodzi, ndipo kusamba kunali kwa m'chitini cha palafini, kutapa ndi manja ngati ukuwaza ndiwo za kudimba.

Nkhondo yaikulu ya azungu itangoyamba, amuna anga anamwalira ndi chifuwa. Nyumba inali ya ntchito, ndiye misozi isanaume kapitawo anabwera kudzatenga kiyi. Kwathu kunali kutali, njira yakenso sindinkaidziwa, poti pobwera ndinkangoyang'ana msana wa mwamuna. Mwana ndinamusiya kwa mayi wina wakwathu kukomboni komweko, ine n'kupeza ntchito yolera kamnyamata ka azungu. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, ndi chitupa chondilola kukhala m'tauni. Chitupacho chinkagona m'kabati ya adona. Mkazi wopanda pepala limenelo apolisi ankamutola ngati nkhuku yosokera, ndipo kumene ankamutaya sankafunsa ngati wasiya mwana.

Panyumbapo panali akhuki, bambo wachikulire wa Chisilamu wochokera ku Mangochi. Tsiku loyamba anandiyang'ana kumapazi.

“Achemwali, zala zotambalalazi n'za m'matope. Kwanu n'kumadzi eti?”

“Ku Likangala, achimwene.”

“Pepani. Kuno ngakhale chule amayenda ndi chitupa.”

Lamulungu lililonse azungu athu ankapita kukacheza kudamu lina kunja kwa tauni, pakati pa miyala ikuluikulu. M'galimoto bwana ndi adona kutsogolo, kumbuyo ine, mwana wawo, akhuki, dengu la zakudya, ndi galu wamakutu ogwa amene ankandipumira kumaso njira yonse. Ulendo woyamba, tisanaone n'komwe madziwo, mphuno yanga inawadziwa. Fungo la matope ndi bango lovunda! Ndinangomva misozi ili pa chibwano. Kakowa anali chiimire m'mphepete, mwendo umodzi, ngati wakwathu wanditsogolera.

Koma adona anandilozera mtengo wa mthethe, patali ndithu ndi madzi, n'kunena m'Chilapalapa chawo chija, “Aikona manzi.” Ndiye kuti madzi ayi, kaya ine, kaya mwana. Pamenepo ndiye panali pamalo panga. Bwana ankaponya mbedza, adona ankagona pabulangete atavala chipewa chaudzu chachikulu ngati lichero, akhuki ankakazinga masoseji pa pulayimasi atayang'ana kumbali, poti kwa iwo nkhumba ndi haramu. Galu ankalowa m'madzi, kutuluka, kudzikutumula pafupi ndi ine. Timadontho timene tinkandigwera pamwendo sindinkatipukuta.

Kunyumba mpanda, kudamu mtengo. Ndinkachita kulakalaka asanditenge, koma Loweruka likafika ndinkapezeka ndasita kale epuloni.

Tsiku lina m'mwezi wa dzuwa loswa mtengo, kamvuluvulu anadutsa pakati pa mabulangete, n'kunyamula chipewa cha adona, n'kukachikhazika pamadzi. Adona anakuwa. Bwana analozera galu, galu anasambira pang'ono, n'kubwerako ndi kamtengo. Ine sindinaganize. Mwana ndinangomuika m'manja mwa akhuki, ine ndi diresi yomwe, ndi epuloni yomwe, m'madzi khuvu!

Mmene ndinamvera sindingathe kukuuzani bwino. Pamwamba madzi anali ofunda ngati mkaka, pansi ozizira mpaka m'mafupa, ndipo thupi langa linakumbuka lokha zonse. Chipewa ndinachipeza msanga, koma pobwerera sindinafulumire. Ndinachivala kumutu kuti chisanyowe, mmene timaolokera ndi katundu kwathu, n'kumabwera pang'onopang'ono. Ndikuyandikira ndinakumbuka chitupa, poti madzi anandiletsa. Koma kumtunda anthu anali gonegone ndi phwete. Adona ankapukuta misozi. Bwana anandiwombera m'manja.

Pobwerera anandiyalira chiguduli kuti ndisanyowetse mpando. Ndinanong'oneza akhuki kuti, “Mwaona mwayi wanga?”

“Ndaona,” anatero. “Nsombanso imati mwayi ikaona nyongolotsi.”

Lamulungu lotsatira bwana anamaliza botolo la mowa, n'kulitseka, n'kuliponya pakati pa damu. Anandiyang'ana. “Hamba tata!” Pita ukatenge. Ndinapita, ndipo ndisaname, ndinapita mokondwa. Sabata inayo chimodzimodzi. Kenaka anayamba kubwera ndi alendo, anyamata a ndege amene anabwera kudzaphunzira kuuluka chifukwa cha nkhondo, ofiira ngati nkhanu zowotcha. Iwowa anatulukira masewera ena: kuponya botolo limodzi, n'kumasula ine ndi galu nthawi imodzi, aone afike ndani.

Madzi anali omwe aja, koma sanalinso kukoma. Potuluka diresi inkamatirira thupi lonse, ndipo iwo ankabwera mpaka m'mphepete penipeni, manja m'matumba, maso tong'o. Ine mayi wa mwana, wamasiye. Ndikati ndikane, ndinkaona kabati ya adona. Ndikati ndipite, ndinkaona maso awo aja. Akhuki analeka nthabwala. M'galimoto galu yekha ndiye ankakondwa.

Tsiku limene ndikufuna kunenali kunali alendo ambiri, magalimoto ndandanda. Bwana anafuna kuwaonetsa za chipewa zija. Anachichotsa kumutu kwa adona, n'kuchiponya dala. Ndinalowa. Ndikuchigwira, diresi yanga, imene inali itafumbwa ndi kunyowanyowa, inang'ambika kuchokera paphewa mpaka m'chiuno. Ndinabwerera mpaka pamene mapazi anagunda matope, madzi ali m'khosi, n'kuima. Kutsogolo kwanga amuna okhaokha, wina atanyamula kabokosi kojambulira.

“Buya lapa!” anatero bwana. Bwera kuno.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kumbuyo madzi akuya, tsidya linalo miyala yoterera ndi waya. Potulukira panali pamodzi pomwepo, pamapazi awo.

Ndiye ndinamva mawu kuchokera kuseri kwa mwala waukulu, mawu okweza ngati a munthu woitana bwato.

“Kumadziko!”

Anali akhuki. Anasiya chiwaya pamoto, n'kukaima patali, atafulatira, kofiya wawo woyera yekha akuoneka pamwamba pa mwala. Pakamwa panga panayankha pokha, ine ndisanaganize.

“Muli anthu!”

Azungu anatembenuka kuyang'ana uku, kuyang'ana uko. Mmodzi anaseka, akuyesa ndi mbali ya masewera. Koma ine, nditangodzimva ndikunena kuti muli anthu, dzanja langa linachitaya chipewa. Chinayandama pang'onopang'ono kulowera kubango.

“Buya lapa! Checha!” Bwera kuno, fulumira. Nkhope ya bwana inafiira.

Sindinasunthe. Ndinkaganiza za mwana wanga kukomboni, kuti mawa ndikamuuza chiyani mayi womusungayo. Komabe mwambo wake ndi womwewo: amene ali m'madzi ndiye amanena nthawi yodutsa. Akhuki anaima chiimire. Masoseji anapserera, utsi n'kufalikira pamabulangete, adona akuwaitana, iwo osacheuka.

Chinandipulumutsa ndi njala yawo. Munthu woima m'madzi osachita kanthu satenga nthawi kutopetsa. Mmodzimmodzi anabwerera kudengu kukafuna chotsala. Pamenepo akhuki anayenda chafutambuyo, chiguduli chija chili m'manja, n'kuchiika pamwala osatembenuza khosi. Ndinatuluka, n'kudzifunda.

“Dutsani, achimwene,” ndinatero.

“Zikomo, achemwali.” Ndipo anapita kukalandira zawo kwa adona.

Kunyumba adona anatsegula kabati, n'kutulutsa chitupa changa, n'kuchigwira ndi zala ziwiri patsogolo panga. Analankhula zambiri, ine ndinangotolapo kuti ndine wamwano. Ndinkayembekeza kumva pepala likung'ambika. Koma kuchipinda kamnyamata kaja kanali katayamba kale kulira, ndipo sikankalandira phala m'dzanja la munthu wina, ngakhale la amake. Adona anamvetsera kulirako, anandiyang'ana, n'kubwezera chitupa m'kabati. Kiyi khethe.

Kachipinda kanakhalabe kanga, mwana wanga anakula ndikumuona. Koma kudamu sananditengenso. Lamulungu ndinkalongedza dengu, kuika mwana m'galimoto pamiyendo pa amake, kutsegula geti, kutseka geti. Galu ankapita. Ine ndinkatsala ndi phula wopaka pansi, ndipo madzulo ndinkachapa mabulangete onunkha matope. Ndinakhala panyumba imeneyo mpaka kamnyamatako kanapita kusukulu yogonera komweko. Madzi ofika m'khosi sindinawalowenso, mpaka lero ndakalambira muno m'komboni ya Sizinda.

Kuseri kwa kachipinda kanga kunali kampanda ka malata kumene ndinkasambira, ndipo njira yopita kumulu wa nkhuni inkadutsa pomwepo. M'mawa uliwonse ndikangoyamba kutapa m'chitini changa cha palafini, madzi osafika n'komwe m'chigongono, ndinkamva mapazi a akhuki akuima patali, pafupi ndi mtengo wa mapichesi.

“Kumadziko!”

“Muli anthu!”

Ndipo ankadikira.