Jombo Zosaphunzira

A Chidendene anakhala ku usilikali zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osawomberapo munthu. Mfuti anaigwira pa miyezi ya maphunziro yokha. Akuluakulu atamva kuti bambo awo anali osoka nsapato, anawatumiza ku kachipinda ka kuseri kwa nyumba yosungiramo yunifolomu, ndipo imvi zinawapeza momwemo, pakati pa jombo. Atapuma ntchito anasamutsira nyundo, singano ndi phazi lachitsulo lokhomerapo nsapato pa khonde la sitolo yogulitsa penti. Dzina la Chidendene linawatsatira komweko.

Anali munthu wa mawu ochepa. Munthu akafika pakhondepo, iwo ankayamba kumuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo. Akazi awo ankakonda kunena kuti, "Bambo awa tsiku lodzandifunsira anakopeka ndi zidendene zanga, nkhopeyi anadzaiona titakwatirana kale."

Mchimwene wa akazi awowo, amene aliyense ankawatchula kuti a Sajeni, ndiwo anapitadi kutchire. Anali ndi chipsera pa ntchafu ndi mawu omveka tsidya lina la msewu. Akamadutsa pakhonde paja sankalephera kuponya kamwano.

"Alamu, mwapha jombo zingati lero? Adani athawa?"

A Chidendene ankangomwetulira, ulusi uli kukamwa. Koma asilikali opuma akakumana, palibe amene ankawafunsa maganizo. Nkhani ikafika pa za kutchire, anzawo ankawalumpha ngati mpando wopanda munthu. Zimenezi zinkawapweteka, ndipo amene ankadziwa ndi akazi awo okha.

Chaka china kunatuluka buku limene linasokoneza msewu wonse. Analilemba mlembi wotchuka, ndipo linali la kaputeni wina ndi anyamata ake asanu ndi atatu otumidwa kukapulumutsa anthu amene zigawenga zinawatsekera mu mgodi wakale kumapiri. Ku laibulale kunali mabuku atatu okha, onse atasosoka zikuto chifukwa chodutsa m'manja ambiri.

Aliyense anali ndi lake lonena. Wometa tsitsi ankati pamene helikopita inaphulika anaiwala kuti ali ndi makina m'manja, mpaka anamusiyira kasitomala njira pakati pa mutu. Aphunzitsi aakazi a pa sekondale ankadandaula kuti akazi a m'bukumo ntchito yawo ndi kulira ndi kumanga mabala basi. Dalaivala wa basi ankakana kuti lole yodzaza ingatsike phiri lotero popanda mabuleki, koma anali ataliwerenga kawiri. A Sajeni anagamula kuti mlembiyo ndi msilikali weniweni, chifukwa mfuti iliyonse anaipatsa zipolopolo zake zoyenera.

A Chidendene anabwerekeredwa bukulo ndi mwana wawo wamkazi, namwino. Ankaliwerenga masana ntchito ikachepa, chala chikuyenda pansi pa mzere, nthawi zina mokweza kuti akazi awo, amene ankabweretsa chakudya, amveko. Mayiwo anali ndi funso limodzi lokha.

"Koma kaputeni wanuyu amadya liti? Masamba zana, ndi madzi omwe sanamwe."

Bukulo linawakomera a Chidendene mpaka pa tsamba 212. Atafika pamenepo analekeza, n'kuikapo kaulusi kakuda, n'kutseka. Tsiku lonselo sanalitsegulenso.

"Wafa ndani?" anafunsa akazi awo.

"Palibe."

"Nanga nkhope yamalirayo?"

"Awapatsa jombo zatsopano."

Pa tsambalo mkulu wa asilikali ankapereka kwa kaputeni ndi anyamata ake jombo zongotuluka m'bokosi, mphatso yaulemu, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Ndi jombo zomwezo anayenda masiku atatu m'mapiri, kenako n'kunyang'ama pa simenti ya mumgodi mpaka kumugwira mlonda wa zigawenga asanamve kanthu.

Patapita milungu iwiri, mayi woyang'anira laibulale analengeza kuti mlembi uja abwera Loweruka kudzamva maganizo a owerenga, popeza bukulo linkati lisindikizidwenso. Kutsogolo kukhala tebulo la asilikali opuma, aliyense alankhulepo. Ntchito yolemba mayina anaipereka kwa a Sajeni.

A Chidendene anachita chimene anali asanachitepo. Anatseka msanga pakhonde, n'kupita kwa alamu awo kukapempha.

"Mundilembeko."

A Sajeni anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, tebulo lija ndi la asilikali. Munthu wamkulu ngati uja mukamuuza chiyani? Mtundu wa polishi?"

Loweruka chipinda chowerengera chinadzaza. Mashelefu anawakankhira kukhoma, ena anaimirira m'mawindo. A Chidendene anakhala pa benchi ya kumbuyo pakati pa akazi awo ndi mwana wawo, buku lili pamiyendo. Mwa chizolowezi anayamba kuyendera mapazi a anthu, ndipo maso awo anaima pansi pa tebulo lakutsogolo. A Sajeni anali atagulira tsikulo jombo zakuda, zonyezimira, zopanda ndi khwinya limodzi lomwe.

Mlembiyo anali munthu wochepa thupi, wadazi, wooneka wotopa ndi maulendo. Anamvetsera mwaulemu. Aphunzitsi ananena za akazi olira aja, iye n'kulemba. Dalaivala ananena za mabuleki, iye n'kuseka. A Sajeni analankhula kotala ya ola, theka la nthawiyo akufotokoza za chipsera chawo, n'kumaliza ndi mawu akuti m'bukumo mulibe cholakwika ngakhale chimodzi, iwo atsimikiza monga munthu amene anakhalako. Anthu anaomba m'manja.

"Alipo wina?" anafunsa mlembiyo, akutseka cholembera.

Chigongono cha akazi awo chinawapeza a Chidendene m'nthiti. Anaimirira.

"Tsamba 212, bwana. Anyamata anu onse anafera pamenepo."

 Wometa tsitsi anafuula kuti, "Madala, mwawerenga buku lina!" ndipo anthu anaseka.

"Afera bwanji, bambo?" anafunsa mlembiyo.

"Mwawaveka jombo zosaphunzira."

Kuseka kunakula. A Sajeni anagwira mutu. "Mutikhululukire bwana, awa ndi alamu anga, osoka nsapato. Akuti jombo zizipitanso kusukulu."

A Chidendene anadikira mpaka phokoso litatsika. Kenako anapempha mayi wa laibulale kuti aime pafupi ndi windo, ayang'ane kunja, akhale mlonda wa zigawenga. Atatero anatembenukira kwa a Sajeni.

"Alamu, inu ndinu katswiri. Tationetsani mmene kaputeni anayendera. Muwagwire paphewa asanakumveni."

A Sajeni sakanakana pamaso pa anthu, ndiponso zinali zimene ankazikonda. Anavula jekete, anawerama, manja patsogolo ngati agwira mfuti. Anthu anakhala chete mpaka kumamveka wotchi yapakhoma. Anaponda koyamba.

Kwii.

Anaima, n'kuyesa kupondera kumbali kwa phazi.

Kwiii. Kwii.

"Ndakumvani kalekale, a Sajeni," anatero mayi wa laibulale osatembenuka. "Ndikanakhala ndi mfuti bwenzi tikuimba nyimbo za maliro."

Chipinda chinagwa ndi phwete. Dalaivala ankamenya benchi, aphunzitsi akupukuta misozi. Mlembi yekha ndiye sanaseke. Anali atatsegulanso cholembera chake.

"Ndiye enieni amatani?"

"Timaziphunzitsa, bwana."

Anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi, monga munthu wosazolowera kumvedwa ndi anthu ambiri. M'kachipinda kaja anali anthu anayi. Gulu likasankhidwa kupita kutchire, iwo ankalandira masaizi kutatsala milungu iwiri. Jombo zatsopanozo ankazinyowetsa, n'kuzivala okha, n'kumazungulira nazo bwalo la perete m'mawa ndi masana mpaka ziumire kuphazi. Kenako mafuta pachikopa, paudala pakati pa soli ndi chikopa chamkati pamene pamachokera kulirako, n'kuyendanso. Jombo ikasiya kulankhula ndi kuluma, ankati yaphunzira, ndipo m'pamene inkaperekedwa kwa mwini wake.

"Yatsopano, tsiku loyamba matuza. Lachiwiri magazi. Lachitatu munthu sayenda, amanyamulidwa. Anyamata anu sakanafika n'kumgodi komwe. Ife tinkagawana masaizi. Naini yense anali wanga. Matuza ankatuluka pa ine kuti asakatuluke kutchire."

A Sajeni anali akadali chiimire pakati pa chipinda. Anayang'ana mapazi awo, kenako alamu awo.

"Ine ndimavala naini."

"Ndikudziwa."

"Zija munkandipatsa zopindikapindika zija? Ine ndinkati ndi za munthu wakufa! Ndinalemba kalata kwa akuluakulu kudandaula kuti kosungira yunifolomu akutipatsa zakale, zatsopano akubisa."

"Ndinaiona. Inabwera kwa ine kuti ndiyankhe."

"Munayankha chiyani?"

"Ndinakutumizirani zina. Zophunziranso."

"Nanga zaka zonsezi osanena bwanji, alamu?"

"Simunafunse. Munkangofunsa kuti ndapha zingati."

Mmodzi wa asilikali a patebulo, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, anayamba kuomba m'manja yekha. Anati iye anayenda masiku khumi ndi limodzi m'dambo ndi m'miyala osatuluka thuza, ndipo mpaka tsikulo ankayesa kuti anabadwa ndi mapazi abwino. Ena patebulopo anagwedeza mitu, kenako chipinda chonse chinaomba m'manja, kwa nthawi yaitali kuposa mmene chinaombera a Sajeni. Namwino uja anaimirira pabenchi. Mayi ake ankangouza aliyense woyandikana nawo kuti, "Ndi amuna anga amenewo. Mapazi awo ndinkawathira mankhwala ndine."

Mlembiyo ananena kuti mabuku asanu walemba, ndipo wafunsapo akaputeni, oyendetsa ndege ndi akatswiri a mabomba, koma sanaganizepo zogogoda pa kachipinda ka kuseri. Anati mutu umenewo aulembanso wonse bukulo lisanasindikizidwe, ndipo muikidwa munthu wozungulira bwalo ndi jombo za anzake.

"Udindo wanu unali wotani, bambo?"

"Kopolo, bwana."

"A Kopolo, ndili ndi mafunso ambiri. Sindingamafuule mpaka kumbuyoko."

Patebulo panalibe mpando wotsala. A Sajeni anayenda kubwerera kumalo kwawo, jombo zikulira njira yonse, ananyamula mpando wawo n'kuuika pafupi ndi mlembi. Anaupukuta ndi dzanja, iwo n'kuima kumbuyo kwake, chilili ngati pa perete.

A Chidendene anadutsa pakati pa anthu osafulumira, n'kukhala. Mlembi anafunsa za mafuta, za paudala, za masokosi, za mmene amadziwira munthu wotsimphina pongoona kudyeka kwa soli. Anayankha kwa ola lathunthu, ndipo palibe amene anatuluka.

Pomaliza a Sajeni anawerama, n'kuyesa kunong'ona, koma mawu awo aja anamveka mpaka pakhomo.

"A Kopolo, nanga zangazi zingaphunzire masiku angati?"

A Chidendene anaziyang'ana bwinobwino.

"Jombozo milungu iwiri. Mwini wake sindikudziwa."