Nsambo za rubabu yanu zikuwedza milamba ku Chilwa

Achimwene, lero chakwana chaka chiikireni maliro anu, ndiye ndabwera kumudzi kuno kuphiri la Michesi kudzalambula pamanda panu. Zomwe ndapeza zandinyansa. Rubabu yanu ija, choyimbira chomwe munabwera nacho kuchokera ku Afghanistan komwe munkayendetsa ambulansi, ndaipeza kuseri kwa khola. Chikopa chake anachiboola, abakha akumweramo madzi. Amalume akuti, "Chinkalira chokha chimenechi, munali ziwanda." Nsambo zake anadula n'kupatsa mlamu wawo wa ku Chilwa kuti aziwedzera nsomba.

Mukukumbuka tsiku lija pakhonde, mukundiyimbira nyimbo yomwe mnzanu wa ku Kabul anapeka kuchokera ku nyimbo zakale za paukwati kwawo? Munakhudza nsambo imodzi, zina zam'munsi n'kuyamba kulira musanazigwire. Ine kudumpha ndi mantha. Munaseka, mumvekere, "Usaope Esinati, anazipangira zomwezo. Inzake ikalira, nazonso zimalira." Amalume analipo tsiku limenelo, akuwomba m'manja, mpaka kupempha kuti mubwereze. Ziwandazo anadzaziona inu mutatsikira kulichete, pogawa katundu wanu.

Masana ano atiphikira milamba yochokera kwa mlamu yemwe uja. Ndafunsa ngati ziwanda sizilowa mu nsomba, onse angopitiriza kunyambita zala. Ine sindinadye, achimwene. Chigoba cha rubabu ndachitsuka, ndikupita nacho ku Boma. Nsambo zija zinkadziwa kulira inzake ikalira. Abale anu zimenezo zinawakanika.