Ndinkaombera M'manja Sikelo Ikutsika

Chizindikiro choyamba ndinachilandira ndi chimwemwe. Inali nyengo ya mwera, kutatsala miyezi iwiri kuti ndikamenye nkhonya ndi mateche ku Dar es Salaam, ulendo wanga wachitatu monga katswiri wolipidwa. Ndinakulira mu karate ija yomenyana zenizeni, ndipo kumeneko tinaphunzira kuti ululu sitiutchula. Pa mpikisano umenewu ndinafunika kutsitsa thupi ndi makilo asanu, poti omenyana amaikidwa m'magulu potengera kulemera kwawo. Kale ntchito imeneyi inkandiliza, kuthamanga nditavala majekete awiri, chakudya kumangochinunkhiza. Ulendo uno makilo ankagwa okha.

Lolemba lililonse ndinkapita kwa achemwali anga a Esinati, amene amapikula usipa pa Mbamba Bay, n'kudzikoloweka pa sikelo yawo ya matumba. Muvi ukatsika ndinkajambula n'kutumizira mphunzitsi wanga, iye n'kuyankha m'Chiswahili kuti, "Safi sana!" kutanthauza kuti zili bwino kwambiri. Thukuta lonyowetsa zofunda ndinkati ndi mafuta akusungunuka. Kubaya kwa m'nthiti ndinkati ndi teche lakale. Chifuwa ndinkanamizira fumbi la msewu wa ku Liparamba kumene ndinkathamangira.

Achemwali okha ndiwo sanakondwe. "Achimwene," anatero, "thumba langa likamapepuka lokha, ine ndimamasula n'kuona m'kati. Inu mukuombera m'manja chiyani?" Ndinangoseka.

Patatha milungu isanu, m'mawa wina ndikumenya thumba la mchenga, ndinatsokomola ndipo pa golovesi panagwa magazi. Ndinachita mantha, zimene sizinandichitikirepo pamaso pa munthu aliyense amene ndinamenyana naye.

Kuchipatala ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo, anandijambula pachifuwa, n'kundiuza kuti ndibwerenso. Nditabwerera, adokotala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. "Pole, kaka, pepani achimwene. Ichi ndi chifuwa chachikulu," anatero. "Chimachizika, koma mwachedwa. Phapo lakumanja lawonongeka."

Mankhwala anali a miyezi isanu ndi umodzi, m'mawa uliwonse ndisanadye kanthu. Milungu yoyamba ndinkamva nseru, mkodzo unafiira, mfundo zinkaphwanya. Miyendo imene inkathyola matabwa inkanjenjemera pofika pakhomo la chimbudzi. A m'nyumba onse anayezedwa, mwamwayi palibe amene ndinamupatsira. Malo anga pa mpikisano anatenga munthu wina. Ndinaonera pafoni ndili pamphasa, ndipo belu litalira miyendo yanga inadzidzimuka yokha kufuna kudzuka. Ndinalira tsiku limenelo.

Tsiku lokatenga mankhwala anesi ankandikweza pasikelo. Muvi utakwera koyamba, mtima wanga unagunda monga kale, ngati ndalakwa. Anesiwo anamwetulira n'kunena kuti, "Kuno kilo ikawonjezeka timasangalala."

Sindinadumphe tsiku ndi limodzi lomwe. Mwezi wachisanu ndi chimodzi utatha anandiyezanso, n'kupeza kuti ndachira. Lero ndimadya bwino, sinditsokomola, ndimasenza matumba a achemwali. Koma phapo lija linatsala ndi chipsera, ndipo mpweya wanga sukwanira mphindi zitatu za kumenyana. Ndayesa kangapo. Magolovesi ali pamsomali kuseri kwa chitseko, ndimawapukutabe. Ndimasowa kukulungidwa mabandeji m'manja, ndimasowa phokoso la anthu lija limene limazimirira mnzako akangoponda pafupi. Ndimasowa ngakhale teche la m'nthiti.

Anzanga amasewera, tinaphunzitsidwa kulimba mtima, ndipo n'chimene chinandichedwetsa. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, thupi likamatsika musanalivutikire, pitani kuchipatala sabata yomweyo. Ndikanamvera achemwali tsiku lija, mwina lero ndikanakhala ndili m'bwalo.

Lolemba ndimadzikolowekabe pa sikelo ya usipa ija. Muvi ukakwera, achemwali ndi amene amaomba m'manja. Ine ndimangoyang'ana nambalayo, n'kuwerengera mumtima gulu la omenyana limene ndikanalowa ndi makilo amenewo.